Mafunso ndi mayankho: kuchira ku matenda a maganizo, ulumali ndi ukalamba

Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amabwerabwera kuchokera kwa anthu amene akusamalira m'bale wodwala maganizo, kholo lokalamba kapena munthu waulumali, ena ndi ochokera kwa odwala eni ake. Tayamba ndi apafupi kenako tikulowa mkati. Zomwe zili panozi sizikulowa m'malo mwa dokotala amene wamuona munthuyo maso ndi maso.

Kodi matenda a maganizo ndi chani kwenikweni, ndipo ndi ofala bwanji?

Ndi matenda amene amasokoneza mmene munthu amaganizira, mmene akumvera mumtima komanso zochita zake, mpaka kufika poti ntchito, sukulu ngakhale kukhala ndi anthu kumayamba kuvuta. Alipo ambiri: depression yomwe ambiri timangoti kuvutika maganizo, nkhawa yopitirira muyeso, bipolar (pomwe munthu nthawi zina amachangamuka ndi kusangalala mopitirira muyeso, nthawi zina nkukhumudwa kwambiri), schizophrenia (pomwe munthu amatha kumva mawu kapena kukhulupirira zinthu zomwe kulibe), mavuto omwe amatsalira munthu akaona zoopsa, ndi ena.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linapeza kuti mu 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 aliwonse pa dziko lonse anali ndi vuto lotere, anthu pafupifupi 970 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo inali nkhawa ndi depression. Ndiye ambiri odwala simungawadziwe powaona, amadzuka, kusamba, kupita ku ntchito, kuseka ndi anzawo, usiku ndi pomwe amakhala maso ali gwa mpaka kucha.

Kodi munthu amachiradi, kapena ndi matenda a moyo wonse?

Amachira. Ambiri omwe adwala depression kapena nkhawa akalandira thandizo zimatheratu, ena zimabwereranso pakapita nthawi nkuthanso. Ngakhale pa schizophrenia yomwe anthu amaiopa kwambiri, alipo ambiri omwe zizindikiro zimatha, ndipo ena ambiri zimachepa moti amagwira ntchito ndi kulera ana awo.

Koma kuchira sikuti nthawi zonse ndi kubwerera mmene munthu analili asanadwale. Mu 1993 William Anthony wa ku Boston University analemba kuti munthu atha kukhala moyo wokhutira, wachiyembekezo komanso wothandiza ena ngakhale matendawo asanachoke onse, ndipo maganizo amenewa ndi omwe asintha kasamalidwe ka odwala m'maiko ambiri. Patricia Deegan anapezeka ndi schizophrenia ali mtsikana, kenako anaphunzira mpaka kutenga digiri ya udokotala pa za maganizo, ndipo wakhala zaka zambiri akuphunzitsa zomwezi. Mu 2011 Mary Leamy ndi anzake anasonkhanitsa zomwe anthu ochira amanena okha, nkupeza zinthu 5 zomwe zimangobwerezedwa: kulumikizana ndi anthu ena, chiyembekezo, kudziona ngati munthu osati wodwala chabe, kukhala ndi chomwe ukukhalira moyo, ndi kukhala ndi mphamvu pa zosankha zako. Mukaona bwinobwino, zinthu zimenezi sizili mu botolo la mankhwala, zambiri zili m'manja mwa anthu omwe amakhala naye tsiku ndi tsiku, nchifukwa chake funso lotsatirali ndi lofunika kwambiri.

M'bale wanga akudwala maganizo, ineyo ndingathandize bwanji?

Choyamba mvetserani, ndipo ichi ndi chovuta kuposa mmene chikumvekera chifukwa tonse timathamangira kupereka malangizo. Munthu akati ndatopa ndi moyo, ife timayankha kuti limba mtima, ena akuvutika kuposa iwe, ndiye iye amangotseka pakamwa osadzanenanso. Mawu ngati "ndakumva, ndili pano, ukufuna ndikuthandize chani lero" amagwira ntchito kwambiri kusiyana ndi ulaliki wautali.

Chachiwiri musamulande zonse. Zimachitika chifukwa cha chikondi ndithu, munthu akangodwala achibale amamuletsa kuphika, kugwira ndalama, kupita kokacheza, kuyankhapo pa nkhani za banja, eti kuti apume, koma mapeto ake amakhala pakona tsiku lonse akudziona kuti alibenso ntchito. Musiyireni zomwe angathe, ngakhale zing'onozing'ono, ndipo ziwonjezereni pang'onopang'ono. Nthawi yogona ndi yodzuka ikhale yofanana tsiku lililonse, atuluke panja aone dzuwa, ayende, akumane ndi mnzake mmodzi amene amamukhulupirira. Mowa ndi chamba zimabweza zinthu m'mbuyo kwambiri, apa musanyengerere koma musanyoze.

Komanso pa nthawi yomwe ali bwino khalani naye pansi mugwirizane: zizindikiro zoti akuyambanso ndi ziti (ambiri zimayamba ndi kusowa tulo kapena kudzipatula), zikaoneka muimbire ndani, apite chipatala chiti, ndipo iyeyo akufuna muzimuchitira zotani ndi zomwe sakufuna. Kulemba zimenezi pa pepala kumathandiza chifukwa tsiku lovutalo aliyense mutu umakhala sukugwira. Akamanena zinthu zomwe inu mukudziwa kuti kulibe, monga kumva mawu kapena kuti wina akumusaka, musakangane naye komanso musavomereze bodza, mungoti ine sindikuwamva koma ndikuona kuti zikukuopsa.

Mankhwala amayamba kugwira liti, ndipo akapeza bwino angasiye?

Mankhwala a depression sagwira tsiku lomwelo, nthawi zambiri pamapita masabata 2 mpaka 4 kuti munthu ayambe kumva kusintha, pena kuposerapo, ndiye anthu ambiri amasiya pa sabata yoyamba akuti sakuthandiza pomwe nthawi inali isanakwane. Akapeza bwino madokotala amalangiza kupitiriza kwa miyezi ina yosachepera 6 kuti matenda asabwerere. Pa bipolar ndi schizophrenia nthawi imakhala yaitali, ena zaka.

Asasiye mwadzidzidzi, zimabweretsa chizungulire, kusowa tulo ndi kubwerera kwa matenda mwamphamvu. Ngati mankhwala akumunenepetsa, kumugonetsa kwambiri, kumunjenjemeretsa manja, kuumitsa thupi kapena kuchepetsa chilakolako cha m'banja, zimenezo ndi zodandaula zenizeni ndipo akazinene kwa dokotala, mlingo utha kusinthidwa kapena kupatsidwa mtundu wina. Ambiri amasiya mobisa chifukwa palibe amene anawafunsa.

Nanga ngati kulibe dokotala wa maganizo pafupi?

Ili ndi vuto la maiko ambiri, akatswiriwa ndi ochepa. Nchifukwa chake mu 2008 WHO inayambitsa pulogalamu ya mhGAP yophunzitsa anamwino ndi madokotala wamba kuzindikira ndi kuthandiza matenda a maganizo, ndiye yambani ndi chipatala chomwe muli nacho pafupi. Uphungu nawo si wa akatswiri okhaokha. Ku Zimbabwe dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi kunja kwa chipatala kumathandiza anthu kuthetsa mavuto awo limodzi ndi limodzi, ndipo kafukufuku yemwe anatuluka mu magazini ya madokotala yotchedwa JAMA mu 2016 anaonetsa kuti odwala anapeza bwino kuposa omwe analandira chithandizo cha nthawi zonse. Chomwe chimandisangalatsa ine pa nkhaniyi nchakuti okalamba omwe timawaona ngati ongofuna kusamalidwa ndi omwe anakhala mankhwala.

Akunena zodzipha, ndimufunse kapena ndimuyambitsa maganizowo?

Mufunseni mosazungulira. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu, ambiri amapepukidwa kuti wina wazindikira. Anthu opitirira 700,000 amadzipha chaka chilichonse pa dziko, ndipo zoti wonena sachita ndi bodza loopsa.

Ngati wanena kuti inde, makamaka ngati waganiza kale njira ndi nthawi, musamusiye yekha, chotsani mankhwala ophera tizilombo, mapilisi, zingwe ndi zida, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Musalonjeze kuti musunga chinsinsi. Nthawi yoopsa kwambiri imakhala yaifupi, ikadutsa munthu ali wotetezeka ambiri amapitiriza moyo.

Kodi ulumali ndi chani? Si uja wa munthu woyenda pa njinga ya olumala?

Ameneyo ndi mmodzi chabe. Kusaona, kusamva, kuvutika kuphunzira, kufa ziwalo chifukwa cha sitiroko, ululu wosatha, kuiwala, zonsezi zimalowa. WHO imati anthu 1.3 biliyoni, omwe ndi 16 peresenti ya anthu onse, ali ndi ulumali waukulu.

Kale ulumali unkaonedwa ngati vuto la m'thupi mwa munthuyo basi. Lero, kuyambira pa ndondomeko yofotokozera ulumali ndi thanzi yotchedwa ICF yomwe WHO inavomereza mu 2001 komanso pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali la 2006, umaonedwa ngati chomwe chimatuluka thupi la munthu likakumana ndi malo omwe akukhala. Anthu awiri atha kukhala ndi miyendo yofooka mofanana, wina ali ndi njinga yomuyenera, pakhomo palibe masitepe, chimbudzi chili ndi pogwira, bwana wake anamusinthira ofesi, ndiye moyo ukuyenda, pomwe mnzakeyo sangatuluke nkomwe m'chipinda. Thupi ndi limodzimodzi koma wachiwiriyu walumala kwambiri. Izi zikutanthauza kuti ngakhale pomwe dokotala sangachize thupi, pali zambiri zomwe ife tingasinthe.

Ndiye matenda a maganizo nawo ndi ulumali?

Atha kukhala, akatenga nthawi yaitali nkumamulepheretsa munthu kutenga nawo mbali pa zinthu ngati anzake. Pangano la 2006 lija limawatchula. Si aliyense wodwala amene amadziona choncho ndipo asakakamizidwe, koma ufulu wake pa ntchito, sukulu ndi chithandizo ndi womwewo.

Kodi kukalamba ndi kulumala ndi chinthu chimodzi?

Ayi. Ulumali umachulukadi anthu akamakula, koma suchokera ku zaka zokha, umachokera ku matenda omwe ali ndi mayina ndipo ambiri ali ndi chithandizo: ng'ala ya m'maso yomwe opareshoni yaifupi imachotsa, kugontha komwe makina othandiza kumva amachepetsa, nyamakazi, shuga, BP, sitiroko. Mwa anthu opitirira zaka 60, oposa kotala ali ndi vuto lalikulu la kumva. Mawu oti "ndi ukalamba basi" alumalitsa anthu ambiri omwe akanatha kuonanso, kumvanso kapena kuyendanso, chifukwa akangonenedwa palibenso amene amaganiza zopita kuchipatala.

Ndipo nkhaniyi ikukula. Pofika 2030 munthu mmodzi mwa 6 aliwonse adzakhala ndi zaka 60 kapena kuposa, ndipo pofika 2050 anthu amenewa adzakhala 2.1 biliyoni.

Agogo akuiwalaiwala, tidziwa bwanji kuti ndi dementia osati kukula chabe?

Kuiwala pomwe waika makiyi kenako nkukumbukira, kapena dzina kukuthawa kwa kanthawi, zimachitikira aliyense. Dementia ndi pomwe kuiwalako kukukulirakulira kwa miyezi ndi zaka mpaka kusokoneza moyo: kufunsa funso lomwelo kambirimbiri, kusochera pa njira yomwe akhala akuyenda zaka zonse, kulephera kuwerenga ndalama kapena kuphika zomwe ankadziwa, kusazindikira ana awo, kusintha khalidwe. Ndi matenda a ubongo, anthu opitirira 55 miliyoni ali nawo, ndipo pa 100 aliwonse 60 mpaka 70 amakhala a mtundu wa Alzheimer, womwe dokotala wa ku Germany Alois Alzheimer anaufotokoza mu 1906.

Mankhwala ochiziratu palibe pakadali pano, koma pitani nawobe kuchipatala chifukwa pali zinthu zina zochizika zomwe zimafanana ndi dementia, monga depression, kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro ndi mankhwala ena omwe akumwa. Kunyumba musamawayese mayeso oti ine ndine ndani, zimangowachititsa manyazi, ingodzitchulani dzina. Lankhulani ziganizo zazifupi, musasinthesinthe malo a zinthu, akamafuna mayi awo omwe anamwalira kalekale musawauze za malirowo mobwerezabwereza ngati nkhani yatsopano, afunseni za mayiwo acheze. Ndipo akapezeka akuyenda usiku asakudziwa komwe ali kapena akulankhula zosamveka, amenewo ndi matenda, atetezeni kwa anthu omwe angawaganizire zoipa nkuwachita chipongwe.

Dzulo anali bwinobwino, lero sakudziwa pomwe ali. Ndi dementia yomweyo?

Kawirikawiri ayi, ndipo apa thamangani. Dementia imabwera pang'onopang'ono, kusokonezeka kwa maola kapena masiku ochepa madokotala amakutcha delirium ndipo kumasonyeza kuti m'thupi muli china chake: matenda a m'njira ya mkodzo, chibayo, kuchepa kwa madzi, shuga kutsika, kapena mankhwala atsopano. Choyambitsacho chikachizidwa ambiri amabwerera mwakale. Ngati pakamwa papindika, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi wafooka, kapena mawu akutuluka movuta, ganizirani sitiroko, musadikire kuti kuche.

Kodi okalamba nawo amadwala depression?

Kwambiri, kungoti sizizindikirika. WHO imati pafupifupi 14 peresenti ya anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo ali ndi vuto la maganizo. Tangoganizani zomwe zimawagwera pa nthawi imodzi, mwamuna kapena mkazi wamwalira, anzawo akutha, ntchito inatha, ana ali kutali, thupi likupweteka, makutu sakumva ndiye pa gulu amangokhala chete. Ambiri sanena kuti ndakhumudwa, amati mutu, msana, mtima ukuthamanga, chakudya sichikukoma, tulo kulibe, kapena amangoti ine ndingodikira tsiku langa. Zikapitirira masabata 2 apimidwe. Chithandizo chimagwira pa msinkhu uliwonse, ndipo zomwe tanena pa funso la kuthandiza m'bale ndi la zodzipha zikugwiranso ntchito pano.

Pali chomwe tingachite kuti tipewe kapena kuchedwetsa zimenezi?

Chilipo, ngakhale palibe amene angalonjeze. Lipoti la 2024 la gulu la akatswiri lotchedwa Lancet Commission linatchula zinthu 14 zomwe zitasamalidwa zitha kupewetsa kapena kuchedwetsa pafupifupi 45 peresenti ya dementia, zina mwa izo ndi BP, shuga, fodya, mowa wambiri, kunenepa kwambiri, kusamva ndi kusaona kosathandizidwa, depression, kuvulala m'mutu, mpweya woipa ndi kudzipatula. Zambiri mwa izi ndi zomwenso zimabweretsa sitiroko.

Kulimbitsa thupi ndi kofunika, mphindi zosachepera 150 pa sabata, kuyenda ndawala kumawerengedwa, ndipo kwa okalamba pakhalenso masewera olimbitsa miyendo ndi oti asamadzandire masiku 3 pa sabata. Kugwa kumapha anthu pafupifupi 684,000 pa chaka ndipo ambiri ndi opitirira zaka 60, komanso wokalamba akathyoka chiuno nthawi zambiri ndi pomwe kudziyendera kumathera. Kuwala kokwanira usiku, kuchotsa zopunthwitsa pansi, nsapato zogwira bwino, pogwira ku bafa, kupimitsa maso ndi kuonetsa dokotala mankhwala onse omwe akumwa, zonsezi zimachepetsa ngozi. Munthu akachita sitiroko kapena akathyoka, mafizo ayambe msanga, kumugoneka pabedi kwa masabata kumafooketsa thupi mwachangu.

Nchifukwa chani nkhanizi zimatchedwa za umoyo wa anthu onse? Si za banja lomwe lakhudzidwa?

Banja palokha silingamange njira yodutsa njinga pa chipatala, silingaphunzitse anamwino chinenero cha manja, silingaonetsetse kuti mankhwala akupezeka mwezi uliwonse. Anthu odwala matenda aakulu a maganizo amamwalira zaka 10 mpaka 20 msanga kuposa anzawo, ndipo chomwe chimawapha kwambiri ndi matenda wamba a mtima, shuga ndi mapapo omwe sanapimidwe, chifukwa akati pachifuwa pakupweteka anthu amati ndi mutu wakewo. Anthu ena aulumali nawonso amamwalira msanga mpaka ndi zaka 20. Lipoti la WHO ndi UNICEF la 2022 linati anthu opitirira 2.5 biliyoni akufunika chipangizo chothandizira monga magalasi, ndodo, njinga kapena makina a m'khutu, ndipo pafupifupi 1 biliyoni sakuzipeza. Zimenezi ndi nkhani za malamulo ndi bajeti za maboma, nchifukwa chake United Nations inapatula zaka za 2021 mpaka 2030 kuti zikhale zolimbikitsa kukalamba ndi thanzi.

Kodi ndi bwino kumupangira zosankha, kapena kumutsekera kuti asavulale?

Kumanga munthu ndi unyolo kapena kumutsekera m'chipinda si chithandizo, kumawonjezera mantha ndi matenda, ndipo ndi kuphwanya ufulu wake. Ndikudziwa kuti mabanja ambiri omwe amachita izi amakhala atasowa pogwira, koma yankho ndi kufuna thandizo la chipatala msanga, ndipo ngati pali chiopsezo choti avulaza wina kapena kudzivulaza zimenezo ndi za tsiku lomwelo. Dziwaninso kuti odwala maganizo ambiri sachita nkhanza, kawirikawiri iwo ndi omwe amachitiridwa.

Pa zosankha, Gawo 12 la pangano la 2006 limati munthu waulumali ali ndi ufulu wosankha yekha ndipo apatsidwe thandizo kuti asankhe. Ndiye m'malo mongomuuza kuti tagulitsa nyumba kapena mukusamuka mawa, mufotokozereni mwapang'onopang'ono, nthawi yomwe mutu uli bwino, mobwereza ngati nkofunika. Kuchipatala dokotala alankhule ndi mwiniwake osati ndi inu nokha iye ali pomwepo. Ngakhale amene dementia yafika patali amatha kusonyeza chovala chomwe akufuna ndi munthu amene amamasuka naye. WHO imati wokalamba mmodzi mwa 6 amachitiridwa nkhanza pa chaka, ndipo kumulanda ndalama zake, kumukalipira ndi kumusiya osasamba zonsezi zili m'gulu lomwelo.

Ine wosamalirayo ndatopa, pena ndimakwiya nkumadziona woipa. Nditani?

Simuli oipa, mwatopa. Kusamalira munthu usana ndi usiku kwa miyezi kapena zaka kumadwalitsa, osamalira ambiri amadwala depression, msana ndi BP, ndipo nthawi zambiri katunduyu amagwera munthu mmodzi, kawirikawiri mzimayi, ena onse akungoimba foni kufunsa kuti ali bwanji. Itanani achibale mugawane ntchito ndi mayina ndi masiku ake, osangoti tizithandizana, wina atenge za kuchipatala, wina za ndalama, wina azigona naye masiku awiri pa sabata kuti inu mugone tulo tenitenti. Anthu akafunsa kuti tithandize chani, tchulani chinthu chenicheni. Pemphani wa mafizo akuonetseni kanyamulidwe kosavulaza msana, ndipo ngati kuli gulu la osamalira anzanu lowani, kulankhula ndi munthu amene akudziwa zomwe mukudutsamo kumapepuza.

Mukaona kuti mkwiyo wafika poti mutha kumumenya kapena kumukankha, onetsetsani kuti ali pabwino, tulukani kaye kwa mphindi zingapo, ndipo tsiku lomwelo muuze munthu wina kuti zafika pamenepo. Ngati inuyo tulo tasowa, mukungolira kapena mwayamba kuganiza zoti bola kufa, bwererani pa funso la zodzipha lija ndipo mukaonane ndi dokotala za inu mwini, osati za wodwala uja.